Kodi ndine waluso kapena ndikungodzionetsera?

Funso: Ndine mnyamata wa zaka 23 ndipo ndakhala ndikujambula kuyambira ndili ku pulayimale. Kale ndinkajambula nkhope za anthu ndi pensulo, eni ake n'kumandipatsa kangachepe. Chaka chathachi ndayamba kujambula zinthu zosafanana ndi chilichonse, mitundu ndi mizere basi, komanso ndimapita ku zionetsero za zojambula mu Lilongwe. Anzanga akuti ndayamba kudzimva, ati zimene ndikujambula panozi ngakhale mwana wa ku sukulu ya mkaka angajambule. Koma nanenso ndikafika ku zionetserozo ndimamva anthu akuthyola Chingerezi pa chithunzi chimene ine sindikuonapo kanthu, ndiye ndimangogwedeza mutu kuopa kuoneka mbuli. Kodi malire ali pati pakati pa kukhala waluso ndi kungodzionetsera?

Yankho: Achimwene, ndiyambira pa kugwedeza mutu kwanuko, chifukwa m'kalata yanu yonse ndi pokhapo pamene ndaonapo vuto. Kujambula mizere si kudzimva. Kupita ku zionetsero si kudzimva. Koma kuvomereza ndi mutu chinthu chimene maso anu sanachione, pamenepo ndiye phazi limodzi mwaliponda kale m'njira imene anzanuwo akukunenerani. Sindikukukalipirani ayi. Inenso ndinagwedeza mutu zaka zambiri, ndipo ndinachita choposa pamenepo.

Ndili wa msinkhu wanuwo ndinajambula mayi atasenza mtolo wa nkhuni, mwana ali kumbuyo. Zonse zinayenda bwino kupatula mwendo wakumanzere. Bondo linakhala pamwamba kwambiri, phazi likuloza kumene phazi la munthu silingaloze. Ndinafufuta n'kubwereza katatu mpaka penti inayamba kuchita matope pansalupo. Tsiku la chionetsero linali litayandikira. M'malo moyambiranso, ndinakhala pansi usiku ndi dikishonale n'kulemba ndime ya Chingerezi yoti imatidwe pambali pa chithunzicho, yonena kuti mwendo wopindikawo ukuimira kusweka kwa mayi wa mu Africa pansi pa goli la utsamunda, ndi zina zoterozo. Alendo anawerenga, anagwedeza mitu, wina mpaka anandigwira chanza. Chakumadzulo kunagwa mvula, ndipo bambo wina wosema ziboliboli amene ankagulitsa panja pa geti analowa kudzausa. Pepala langa sanaliyang'ane n'komwe. Anaima patsogolo pa chithunzicho manja ali kumbuyo kwa kanthawi ndithu, kenaka anatembenuka.

"Aphunzitsi, mayiwa anagwapo?"

Ndinati ayi.

"Nanga mwendowu? Munthu akasenza nkhuni, kulemera kumatsika ndi msana, kufika m'chiuno, kukathera kuchidendene. Apa mayiwa akangoponda agwa chafufumimba." Anakhalanso chete, n'kuloza pamwamba ndi chala chokhala ndi zipsera za sompho. "Koma khosili mwalipeza. Khosi la wosenza limauma chonchi."

Mwa anthu onse amene analowa m'chipindamo tsiku limenelo, bambo ameneyu yekha ndiye anaona chithunzi changa. Ena onse anaona pepala. Ndipo onani kuti sanangonyoza: anapeza cholakwika pamene panalidi cholakwika, anapezanso chabwino pamene ineyo sindinkadziwa kuti ndachita bwino.

Mwendo wopindikawo pawokha sunali mlandu. Ojambula ambiri amapinda miyendo dala, amatalikitsa makosi, amaika diso pachipumi, ndipo zimagwira mtima. Mlandu wanga unali wakuti ndinalephera, kenaka n'kunamizira kuti ndinachita kufuna. Kusiyana kumene mukufunsaku kwagona pamenepa. Waluso maso ake amakhala pa ntchito: kodi mzerewu uli pamalo pake, kodi kufiiraku sikwachuluka? Wodzionetsera maso ake amakhala pa anthu amene akumuyang'ana: kodi akundiona ngati wozama? Anthu awiriwa akhoza kuvala mofanana, kulankhula mawu ofanana, ngakhale kujambula zofanana. Nthawi zambirinso si anthu awiri, ndi munthu mmodzi pa masiku osiyana.

Tsono za anzanuwo. Mawu oti "ngakhale mwana angajambule" ndi akale kuposa agogo athu. Mu 1874 ku Paris, gulu la ojambula lomwe munali Claude Monet linachita chionetsero chawochawo chifukwa akuluakulu oweruza zojambula ankakonda kuwakana. Mtolankhani wina, Louis Leroy, anawaseka m'nyuzipepala kuti zimene apachikazo n'zosamaliza, ndipo anatenga dzina la chithunzi china cha Monet n'kuwapatsa dzina lachipongwe loti Impressionists. Dzina lachipongwelo ndi limene lili m'mabuku a sukulu lero. Choncho munthu akanena kuti sakumvetsa, sizitanthauza kuti palibe choti amvetse.

Komanso musalole kuti wina akuuzeni kuti kujambula zosafanana ndi munthu weniweni ndi zachizungu. Aliyense amene anaimapo pabwalo gule atatuluka akudziwa kuti nkhope ya Simoni, yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, siinapangidwe kuti ifanane ndi munthu wina wake ngati chithunzi cha pa chiphaso. Maliya, Chadzunda, Kasiyamaliro, chilichonse chili ndi pamene chinakokomezedwa dala, ndipo palibe mayi woimba m'bwalomo amene amati "sizikufanana". Onse akudziwa chimene chikunenedwa. Mukapita ku Mua, ku Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, mukaona nkhope zoterezi mazanamazana m'nyumba ya Chamare. Ku Chongoni, ku Dedza, pamiyala pali zozungulira, madontho ndi mizere yofiira zimene anajambula anthu akalekale, ndipo UNESCO inaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Mizere ndi mitundu inayamba kale kuno, inu simunabadwe. Pablo Picasso ndiye anachita kukaziona nkhope zosema za ku Africa m'nyumba yosungiramo zinthu ya Trocadéro ku Paris mu 1907, n'kusintha kajambulidwe kake.

Koma anzanuwo musawayese opusa. Fungo limene akulimvalo lilipodi m'dziko la zaluso. Mu 1964 ku Göteborg, m'dziko la Sweden, mtolankhani wina anakonza zoti nyani wa mtundu wa chimpanzi wa kumalo osungira nyama, dzina lake Peter, apatsidwe burashi ndi penti. Anasankha zithunzi zingapo n'kuzipachika pa chionetsero ponamizira kuti wajambula ndi Mfalansa wina wosadziwika, Pierre Brassau. Ena mwa olemba za luso anayamikira kwambiri, mmodzi yekha ndiye ananena kuti zimenezi angachite ndi nyani basi. Nkhaniyi anthu amakonda kuinena pofuna kutsimikiza kuti zojambula zamakono zonse ndi bodza. Ine sindiiona choncho. Chimene inaulula n'chakuti pali anthu amene amayamba awerenga dzina, akaona kuti ndi lachifalansa ndiye n'kupeza mawu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali nkhani ziwiri zimene ophunzira anga amandifunsa chaka chilichonse, ndipo ndikudziwa kuti nanunso zikukuvutani. Yoyamba ndi ya Marcel Duchamp. Mu 1917 ku New York kunali bungwe la ojambula limene linalengeza kuti aliyense wolipira madola 6 aonetsa ntchito yake, popanda woweruza. Duchamp, yemwe anali mmodzi wa akuluakulu a bungwelo, anagula chokodzeramo amuna, chija choyera chomata kukhoma, anachigoneka, n'kusainapo dzina labodza loti R. Mutt, n'kuchitumiza. Anzake anakana kuchionetsa, iye n'kutula pansi udindo. Apa sanaumbe kanthu, sanaseme kanthu. Koma anatchera msampha ndipo unagwira: anthu amene ankati alibe malire anapezeka kuti malire ali nawo. Funso limene anafunsa, loti ndani amagamula kuti ichi ndi luso, linali lenileni, ndipo linali ndi amene linkawalunjika.

Yachiwiri ndi nthochi. Mu December 2019 ku Miami, Maurizio Cattelan wa ku Italy anamata nthochi kukhoma ndi tepi yotuwa n'kuitcha Comedian. Inagulidwa pa madola 120,000. Mu November 2024, kumsika wa Sotheby's ku New York, inagulidwanso pa madola 6.2 miliyoni, ndipo wogulayo, Justin Sun, anaidya pamaso pa atolankhani ku Hong Kong. Chimene amagula si nthochiyo, poti imaola n'kusinthidwa. Amagula chikalata ndi malangizo a kamatidwe kake. Kodi Cattelan ndi wodzionetsera? Ine ndimamuona ngati wanthabwala wochenjera amene akuseka msika umene ukumudyetsa, ndipo dzina la ntchitoyo likunena poyera. Nthabwalayo kwa ine ndi yaing'ono, Duchamp anainena kale zaka zoposa 100 zapitazo. Kudzionetsera ndimakuona kwambiri mwa amene amaima patsogolo pa nthochiyo nkhope ili gwa ngati ali pamaliro, kuopa kuseka. Ndipo mnyamata wa kuno akamata chinangwa kukhoma mawa chifukwa anaona pa Instagram, ameneyo ndiye wagwa m'mbuna, poti funso si lake, msika umene akuuseka sauona, watengera maonekedwe okha.

Tsono ndikupatseni chitsanzo cha ntchito yodalira ganizo koma yosafuna dikishonale, ndipo ndi ya munthu wakwathu. Ku London kuli bwalo lotchedwa Trafalgar Square. M'ngodya zake muli nsanja zinayi zamiyala. Zitatu zinanyamula zoumba za mfumu ndi akuluakulu a nkhondo, awiri mwa iwo, Napier ndi Havelock, anamenya nkhondo za ufumu wa Britain ku India. Yachinayi inakhala yopanda kanthu zaka zoposa 150, ndipo masiku ano amaikapo ntchito za amisiri mosinthanasinthana. Mu September 2022 anaikapo ntchito ya Samson Kambalu yotchedwa Antelope. Kambalu anatenga chithunzi cha 1914 chimene John Chilembwe anajambulitsa ndi mmishonale wachizungu John Chorley pa tchalitchi chake chatsopano ku Mbombwe, ku Chiradzulu. Pa chithunzipo Chilembwe wavala chipewa, pa nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Chaka chotsatira, mu January 1915, Chilembwe anaukira atsamunda, n'kuphedwa mu February. Kambalu anaumba amuna awiriwo, onse ndi zipewa zawo, koma Chilembwe anamukulitsa pafupifupi kawiri kuposa Chorley.

Taonani mmene zisankho zake zilili. Bwanji chipewa? Yankho lilipo. Bwanji wina wamkulu wina wamng'ono? Yankho lilipo: m'mabuku a mbiri amene analembedwa kumeneko wamkulu ankakhala mzungu, iye watembenuza. Bwanji pabwalo limenelo osati pena? Tayang'anani amene aima pa nsanja zinazo. Mukhoza kuwafotokozera agogo anu zonsezi m'Chichewa, pakhonde, chikho cha thobwa chisanathe, ndipo adzamva, mwinanso kuposa mlendo wa ku London, chifukwa za kuvula chipewa anazimva kwa makolo awo. Kambalu yemweyu anakutirapo mpira wamiyendo ndi masamba a Baibulo n'kuitana anthu kuti aziumenya. Ena zinawanyansa, ndipo ali ndi ufulu wonyansidwa. Koma palibe amene anafunika pepala kuti adziwe chifukwa chimene phazi lake likuzengereza.

Ichi ndicho chiyeso chimene ndimagwiritsa ntchito, pa ntchito zanga ndi za ena. Agogo anga aakazi ankaumba mbiya. Akamaliza kukulungiza ndi nkhulungo, mbiya zonse zinkawala mofanana. Koma zikapsa, wogula wanzeru sankayang'ana kuwalako. Ankaigogoda ndi chala n'kutchera khutu. Yabwino imalira ngwee, yokhala ndi mng'alu wobisika imangoti phwa. Chithunzi nachonso chimagogodedwa, ndi funso laling'ono: bwanji mwaika ichi apa? Lozani malo enieni, kachidutswa kobiriwira kali pakonako, mzere wakuda umene wadula pakatiwo. Waluso adzayankha za pansalupo. Adzati pakonapo panali popepuka, diso limathawira kunja, ndiye ndinafuna cholibweza. Kapena adzati sindikudziwa bwinobwino, koma nditachotsa chithunzi chinafa, ndiye ndinabwezera. Limenelonso ndi yankho loona, poti dzanja nthawi zina limatsogola mutu n'kutsatira. Wodzionetsera mukamulozera pakona amathawira kumwamba: ayamba za umunthu, za chilengedwe, za mzimu wa Africa, mawu oti mukhoza kuwachotsa pa chithunzi ichi n'kukawamata pa china chilichonse m'chipindamo osasintha kanthu.

Dzigogodeni nokha choncho. Tengani chimodzi mwa zithunzi zanu zatsopanozo, muchitembenuze mutu pansi. Ngati palibe chimene chasintha, ngati mtima wanu sukuti "ayi, sichikhala chonchi", ndiye kuti simunasankhe kanthu pojambulapo, munangopaka. Dzifunseninso kuti pa khumi zimene mwajambula, ndi zingati zimene mwataya. Munthu amene chilichonse chotuluka m'manja mwake amachiyesa chabwino sanayambe kuona. Ndipo funso lowawa kwambiri ndi ili: munasiya nkhope za pensulo chifukwa zinakuchepera, kapena chifukwa manja ndi makutu zinkakuvutani, kapena chifukwa munaona kuti ku zionetsero ojambula nkhope sapatsidwa ulemu? Yankho lake musandiuze ine. Ngati ndi loyambalo, pitirizani, anzanuwo adzazolowera kapena sadzazolowera. Ngati ndi enawo, mukuchita zimene ndinachita ndi mwendo uja.

Pensuloyo musaitaye mulimonsemo. Sindikunena kuti munthu ayenera kuyamba wajambula ngati kamera kuti aloledwe kujambula mizere. Lamulo limenelo kulibe. Edward Saidi Tingatinga anayamba mu 1968 ku Dar es Salaam ndi penti ya njinga pa timatabwa ta siling'i, sanapite ku sukulu ya zojambula, ndipo kajambulidwe kake kadakalipo mpaka lero ngakhale iye anamwalira mu 1972. Koma kujambula chinthu chimene chili patsogolo panu kumaphunzitsa diso kusanama. Nkhope ya mayi wogulitsa tomato ikalakwika, mwini wake akuuzani pompo. Mizere ilibe mwini woti akudzudzuleni, n'chifukwa chake n'kosavuta kubisalamo.

Kunena zoona, mawu onenepa aja nthawi zambiri sachokera kwa amisiri. Amachokera kwa ogulitsa. Ku Zimbabwe, pafupi ndi Guruve, kuli mudzi wa osema miyala wotchedwa Tengenenge. Unayamba mu 1966 pa famu ya fodya ya Tom Blomefield, malonda a fodya atasokonekera chifukwa cha zilango zimene mayiko anaika pa Rhodesia. Ambiri mwa amene anayamba kusema kumeneko anali antchito a pafamu ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola, Achewa ndi Ayao ali momwemo. Fanizani Akuda, wodziwika ndi nkhope zomwetulira za maso otsinzina, anali Mchewa wobadwira ku Zambia. Koma miyala imeneyi ikafika ku Ulaya yonse inkagulitsidwa pansi pa dzina limodzi loti zosema za Ashona, ndi nkhani zambiri za mizimu. Wosema ali phee ndi tchizulo chake, nthano ikukulira kusitolo. Mukamva Chingerezi chikusefukira pa chionetsero, yang'anani kaye amene akulankhulayo kuti ndi ndani ndipo akufuna chiyani.

Apa ndisakokomeze. Mawu a ntchito alipo ndipo ndi ofunika. Makaniko akamatchula zitsulo za mu injini sakudzimva, akufupikitsa nkhani ndi mnzake wodziwa. Ojambula nawonso ali ndi mawu awo, ndipo muwaphunzire. Muwerenge, mudziwe amene anabwera inu musanabwere, musachite manyazi kukonda chinthu chovuta. Kunyoza chilichonse chimene sunachimvetse nakonso ndi matama, ndipo kunena kuti "ine ndine munthu wamba, zimenezo n'zopusa" ndi njira inanso yodzikwezera. Chongofunika n'chakuti liwu lililonse limene mwagwiritsa ntchito muzitha kulimasulira mwana wa Fomu 2 akakufunsani. Za zovala, tsitsi, malaya achitenje, kachikwama kansalu paphewa, zimenezo sindiziwerengera. Valani zimene mukufuna. Ndaonapo amisiri enieni ovala ngati akalaliki a ku boma, ndaonaponso ovala ngati amisiri amene burashi yawo inauma chaka chatha.

Mukapitanso ku chionetsero, chitani izi. Musayambe ndi kapepala ka pambali. Sankhani chithunzi chimodzi chokha, muime pamenepo mphindi zisanu zathunthu. Mudzadabwa kutalika kwake, poti ambiri sapitirira masekondi ochepa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Onani kumene diso lanu layambira, kumene lapita, pamene lakodwa. Onani ngati penti ndi yokhuthala kapena yopyapyala, ngati wojambulayo anafufuta pena. Mukatero werengani kapepalako, muone ngati kakuwonjezerani kanthu kapena kakungodzitamandira. Wina akakufunsani maganizo anu, nenani zimene mwaona: "Buluu uyu akundikoka, koma mbali yakumanjayi sindinaimvetse." Mawu oti "sindinaimvetse" ndi amene odzionetsera sangawatchule ngakhale mutawalipira, ndipo mudzaona kuti wojambula weniweni akawamva maso ake amawala, amakugwirani pamkono n'kupita nanu pafupi ndi nsaluyo.

Anzanu aja muwaitane kwanu Loweruka likubwerali. Muyale pepala pansi, muwapatse penti ndi burashi, muwauze kuti poti mwana angathe, iwonso ayese. Musawaseke. Akamaliza, muike zawozo pambali pa zanu, nonse mubwerere m'mbuyo mapazi asanu, muyang'ane. Mwina kusiyana kudzaoneka ndipo adzakhala chete. Mwinanso sikudzaoneka, ndiye wokhala chete mudzakhala inu. Mwa anzanuwo mudzapezeka mmodzi amene adzaloze pakona n'kufunsa kuti bwanji apa mwaika chakuda. Ameneyo muzimuitana nthawi zonse mukamaliza chithunzi, musanachionetse kwa wina aliyense.